Za Kuyang'anira Seva ya Makalata Munthu Ali Kutali

Ambiri a inu amene mukuphunzira ntchito ya uphunzitsi muli ndi adiresi ya imelo, ndipo mukatsegula foni mumaona makalata atandandalika ngati kuti kwawo ndi m'fonimo. Koma si mmene zilili. Zimene foni ikuonetsani ndi makope chabe a makalata amene akusungidwa kwina, m'kompyuta yaikulu imene siizimitsidwa usana ndi usiku. Kompyuta yotereyi dzina lake ndi seva, ndipo ili ndi munthu wake woiyang'anira, monga momwe positi ofesi ilili ndi mkulu wake wosunga makiyi. Munthu ameneyu ndiye amatsegulira mlendo bokosi la makalata, natsekera wochoka. Ndiye amaika malire a kukula kwa bokosi lililonse. Ndiyenso amalondola kalata ikasochera. Chodabwitsa cha masiku ano ndi chakuti iye angathe kuchita zonsezi asanaionepo kompyutayo ndi maso, ali m'mzinda wina kapena m'dziko lina, pa pulogalamu yomweyo imene inu mumatsegulira masamba a pa intaneti. Pulogalamu imeneyi anthu amaitcha browser, ndipo Chrome, Firefox, Edge ndi Safari ndiwo mayina ake amene mwawazolowera. M'nkhani ino tifuna kuona mmene ntchitoyi imayendera, ndiponso tsoka limene kufewa kwakeko kwabweretsa.

Kuti tisalankhule za m'malere, titenga seva imodzi ndi kuitsata. Imeneyi ndi Exchange Server, ya kampani ya Microsoft ya ku America, imene inayamba kugulitsidwa mu 1996, nifalikira m'maofesi a maboma, m'mabanki, m'zipatala ndi m'masukulu aakulu pa dziko lonse. Zilipo zina za mtundu womwewo, monga Zimbra ndi Domino, ndipo nazonso zili ndi masamba ake oyang'anirira. Koma wodziwa imodzi savutika kumvetsa zinazo. Tizindikirenso kuti mawu akuti seva ali ndi matanthauzo awiri. Nthawi zina atanthauza chitsulo chenichenicho chimene chili m'chipinda chozizira, nthawi zina atanthauza pulogalamu imene ikugwira ntchito m'chitsulocho. Exchange ndi pulogalamu. Koma pakamwa pa anthu a ntchitoyi ziwirizi zimangosakanikirana, ndipo nafenso sitizilekanitsa.

Ntchito ya seva yotere si kutumiza makalata kokha. Bungwe la anthu mazana kapena zikwi limafuna kuti anthu ake azigwirira ntchito pamodzi, ndipo seva ndiyo bwalo lawo. Imasunga buku la maadiresi a onse a m'bungwemo, kotero kuti munthu akangolemba zilembo zitatu za dzina la mnzake, adiresi yonse imatulukira yokha. Imasunga kalendala ya aliyense, ndipo woitanitsa msonkhano amaoneratu ola limene anzake ali ndi mpata asanawaitane. Ngakhale chipinda cha misonkhano chimakhala ndi bokosi lake, nichivomera mmodzi ndi kukana wina pamene anthu awiri achifuna pa ola limodzi. Palinso mabokosi a onse, amene anthu angapo amawerenga ndi kuyankhiramo, monga la ofesi ya malipiro. Ndi maadiresi a magulu, amene kalata imodzi ikalowamo imagawikira kwa aliyense wa m'gululo. Taonani tsono kuchuluka kwa zinthu zimene zili m'nkhokwe imodzi: zinsinsi za malonda, madandaulo a antchito, mayina, manambala a mafoni, ndi maulendo a sabata yamawa a mkulu aliyense. Zimenezi muzisunge m'mutu, pakuti tizifunanso kutsogoloku.

Poyamba woyang'anira sankatha kugwira ntchito paliponse. Chida chake chinali pulogalamu yapadera imene inayenera kuikidwa pa seva penipenipo, kapena pa kompyuta ya Windows yolumikizidwa ku netiweki ya bungwelo. Mu Exchange ya 2000 ndi ya 2003 pulogalamuyi inkatchedwa System Manager. Mu ya 2007 ndi ya 2010 inali Management Console. Chinthu chikawonongeka usiku, munthu anayenera kupita ku ofesi, kapena kuyamba walowa m'kompyuta ya ku ofesiko pa njira ina yozungulira, ndipo pamenepo nkuyamba ntchito. Koma owerenga makalata wamba anali atamasulidwa kale, pakuti kuyambira mu 1997 ankatha kutsegula mabokosi awo pa browser. Zinali zoonekeratu kuti tsiku lina oyang'anira nawonso adzafunsa kuti, nanga ife? Mu Exchange ya 2010 ntchito zina zinaikidwa pa tsamba lotchedwa Exchange Control Panel. Ndipo mu ya 2013 pulogalamu yakale ija inachotsedwa, m'malo mwake nkulowa tsamba lathunthu, Exchange admin center. Dzina linasintha, koma adiresi inatsala yomwe ija, yothera ndi zilembo zitatu, ecp, pamene ya owerenga makalata imathera ndi owa.

Nanga chimachitika nchiyani woyang'anira akalemba adiresi imeneyi? Seva ili ndi makomo ambiri, lililonse ndi nambala yake, ndipo anthu a makompyuta khomo lotere amati port. Makalata ochokera ku maseva ena amalowera pa khomo la 25, koma masamba otetezedwa amadzera pa khomo la 443, ndipo apa mpamene browser imagogoda. Seva imayamba ndi kuonetsa satifiketi yotsimikiza kuti iyo ndiyodi mwini dzinalo. Kenaka ziwirizi zimapangana njira yobisira mawu, kotero kuti wina aliyense wokhala pakati, kaya mwini Wi-Fi ya pa hotela, kaya kampani ya mafoni, amangoona zilembo zopanda mutu. Ichi ndicho tanthauzo la chilembo s chimene chili kumapeto kwa https. Zitatero, seva imafunsa dzina ndi mawu achinsinsi. Koma siiweruza yokha, iyayi. Imakafunsa ku kaundula wa anthu onse a m'bungwemo, wotchedwa Active Directory, ndipo kaundulayo akavomera, tsamba limatseguka.

Pano pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Tsambalo lilibe mphamvu mwa ilo lokha, ndipo browser siikonza kanthu. Iyo ndi mtengatenga chabe, wopita ndi mawu ndi kubwera ndi yankho. Kuyambira mu 2007 ntchito za woyang'anira Exchange zimachitika ndi malamulo olembedwa m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa PowerShell, ndipo batani lililonse la pa tsambalo limangolemba lamulo lotere m'malo mwa munthu. Tiyerekeze kuti bungwe lalemba ntchito kalaliki watsopano ku nthambi yake yakutali. Woyang'anira amapita pa chigawo cha olandira makalata, nadina pa chizindikiro chowonjezera, nalemba dzina la munthuyo ndi adiresi imene akumpatsa, nasankha nkhokwe imene bokosilo likakhalemo. Akadina batani losunga, seva imalandira lamulo lakuti New-Mailbox pamodzi ndi zonse zimene zalembedwazo, ndipo m'kanthawi kochepa kalaliki uja ali nalo bokosi lake. Ngati palibe amene wasintha malire amene seva imabwera nawo, bokosilo lidzamchenjeza likafika pa 1.9 GB, lidzamletsa kutumiza pa 2 GB, ndipo pa 2.3 GB lidzalekanso kulandira. Tsambalo lili ndi kazenera koonetsa malamulo amene likulemba, ndipo wophunzira ntchito wanzeru amakasiya kotsegula, pakuti tsiku limene adzauzidwa kutsegula mabokosi 300 nthawi imodzi, kudina sikudzamthandiza. Adzayenera kulemba lamulo limodzi lowerenga mndandanda wonsewo. Nchifukwa chake ine sindigwirizana nawo amene amati tsamba la pa browser lathetsa kufunika kwa kuphunzira. Lapeputsa ntchito za tsiku ndi tsiku, inde. Koma zilipo zambiri zimene batani lake palibe.

Kupepuka kumeneku kuli ndi msampha wake. Woyang'anira akasankha dzina la munthu, amapeza mawu awiri oyandikana, Disable ndi Delete, ndipo wosadziwa angayese kuti nchimodzimodzi. Oyambawo amangolekanitsa bokosi ndi mwini wake, munthuyo nkukhalabe m'kaundula. Achiwiriwo amafafaniza munthuyo m'kaundula momwe, kotero kuti m'mawa mwake sangathe kulowa ngakhale m'kompyuta ya pa tebulo lake. Mwayi wake ngwakuti seva siitaya bokosi msanga. Imalisunga masiku 30, monganso imasungira masiku 14 kalata imene mwini wake waitaya, ndipo m'kati mwa masikuwo woyang'anira angathe kulilumikizanso. Akapitirira masiku amenewa, chotsala ndi kukafukula m'makope osungidwa padera, ngati bungwelo linali ndi mwambo wowapanga. Kale, pamene munthu ankayenda kuti akafike pa seva, ulendowo unkampatsa nthawi yolingalira. Lero angathe kumfafaniza mnzake ali pa bwalo la ndege, khutu lili ku chimkuzamawu.

Makiyi ndi owasunga

Tsono ndani ayenera kusunga makiyi ati? Pa sukulu yoyenda bwino mphunzitsi wa kalasi ali ndi kiyi wa kabati ya mabuku, koma kiyi wa kabati ya mayeso amasunga mphunzitsi wamkulu yekha. Exchange inayamba kutsata nzeru yotereyi mwadongosolo mu 2010, pamene mphamvu za woyang'anira zinagawidwa m'magulu. Gulu la Organization Management limatha pafupifupi zonse. La Recipient Management limatsegula ndi kukonza mabokosi, koma silikhudza njira zimene makalata amayendamo. Lilipo la ongoona osasintha kanthu, ndi la othandiza antchito pa zovuta zing'onozing'ono. Lilipo lina, Discovery Management, limene limatha kufufuza mawu m'mabokosi a anthu onse, monga pamene khoti lafuna umboni. Ndipo gulu limeneli seva ikamaikidwa limakhala lopanda munthu ngakhale mmodzi, kufikira wina aikidwemo dala. Anthu awiri a magulu osiyana akalemba adiresi imodzimodziyo amaona masamba osiyana, pakuti seva imabisa mabatani onse amene munthuyo saloledwa kudina. Dongosololi ndi labwino ndithu. Chimene chimaliwononga ndi ulesi wa mkulu amene, potopa ndi kusankha, amangoika anzake onse m'gulu lapamwamba lija.

Apa wina afunsa kuti, kodi woyang'anira angawerenge makalata anga? Yankho loona ndi lakuti inde, ngati ali m'gulu lapamwamba ndipo wafuna kutero. Bokosi lanu silimtsegukira lokha, koma iye angathe kudzipatsa chilolezo cholitsegula, ngakhalenso chotumiza kalata m'dzina lanu. Ngakhale asalitsegule, seva imalemba yokha za kalata iliyonse yodutsa: wotumiza, wolandira, nthawi yake ndi mutu wake, nizisunga masiku 30. Chimene chimamgwira dzanja woyang'anira ndi buku lina, mmene mumalembedwa lamulo lililonse losintha kanthu, pamodzi ndi dzina la wolipereka ndi nthawi yake; ndipo limeneli limasungidwa masiku 90 ngati eni ake sanawonjezere. Palinso malamulo a dziko; kuno ku Malawi Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2016 lamulo lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, loletsa munthu kulowa m'zosungidwa za m'kompyuta popanda chilolezo. Komabe wanzeru adziwe kuti bokosi limene wapatsidwa ku ntchito ndi la bungwe, ndipo kalata ya kwa bwenzi kapena ya kwa dokotala ailembere kwina.

Chilipo chimodzi chimene woyang'anira sachiona pa tsamba lake, ndicho mawu anu achinsinsi. Kaundula sasunga mawuwo monga munawalembera. Amasunga manambala otuluka m'mawuwo atawasanduliza ndi masamu. Mukawaiwala, woyang'anira amangokuikirani ena atsopano, ndipo pa ntchito yake yonse safuna kudziwa akale aja. Chotero kalata iliyonse yonena kuti ikuchokera kwa woyang'anira, yofuna kuti mutumize mawu anu achinsinsi kuti bokosi lanu lisatsekedwe, muidziwe kuti nja wakuba. Dziwaninso ichi, inu amene mudzalumikiza foni yanuyanu ku seva ya ku ntchito: pa tsamba lomwelo pali lamulo lofufuta zimene zili m'foni yotayika. Pa mapulogalamu ena limangochotsa makalata a ku ntchito, koma pa mafoni ena limasesa zonse, ndi zithunzi za ana anu zomwe. Nkwabwino kufunsa musanalumikize.

Khomo loyang'ana ku msewu

Tafika tsopano pa phata la nkhaniyi. Kuti antchito aziwerenga makalata awo ali ku nyumba kapena pa ulendo, khomo la 443 liyenera kuyang'ana ku msewu, ndiko kunena ku intaneti yonse. Koma tsamba la woyang'anira limadzeranso pa khomo lomwelo. Malangizo a Microsoft yomwe amanena poyera kuti seva imene yatsegulira anthu akunja tsamba la makalata yawatseguliranso tsamba loyang'anirira, pokhapokha eni ake achitepo kanthu. Zimbra inasankha njira ina, niika tsamba la woyang'anira pa khomo lakelake, la 7071, limene nkosavuta kulitchinga. Koma nayonso eni ake ena amalisiya pambalambanda. Mulimonsemo, tsamba limene lakonzedwa kuti woyang'anira alifikire ali paliponse, wakubanso amalifikira ali paliponse. Ndipo wakuba wa masiku ano sayenda khomo ndi khomo. Ali ndi mapulogalamu amene amagogoda pa maadiresi onse a pa intaneti m'maola ochepa, nalemba mndandanda wa amene ayankha.

Mu Febuluwale 2020 Microsoft inatulutsa chigamba, ndiko kuti kapulogalamu kotseka bowo limene lapezeka, chokonza cholakwa cha pa tsamba lomweli la ecp. Seva iliyonse ikamaikidwa inayenera kudzipangira kiyi wakewake wosindikizira zimene imatumiza ku browser, kuti zikabwerera izizindikire. Koma zinapezeka kuti maseva onse a Exchange ankabwera ndi kiyi mmodzi yemweyo. Tiyerekeze mmisiri amene wagulitsa maloko m'dziko lonse, onsewo otseguka ndi kiyi mmodzi! Wakuba anangofunika dzina ndi mawu achinsinsi a wantchito mmodzi, ngakhale wotsikitsitsa, ndipo pamenepo ankatha kulamula seva yonse. Chigamba chinalipo, koma kampani ya Rapid7 itawerenga chakumapeto kwa Malichi chaka chomwecho, inapeza maseva oposa 350,000 asanachilandire. Zifukwa zake nzodziwika kwa aliyense amene wagwirako ntchitoyi. Kuika chigamba kumafuna kuti seva iime kwa kanthawi, akuluakulu safuna kuti makalata aime, ndipo woyang'anira amaopa kuti ikaima mwina siidzukanso bwino. Motero amati mawa, mawa.

Chaka chotsatira kunadza choopsa choposa. Kuti tichimvetse tiyenera kudziwa kuti seva ya Exchange ili ndi zigawo ziwiri, chakutsogolo ndi cham'kati. Chakutsogolo chili ngati kalaliki wa pa kauntala, amene amalandira aliyense wofika, namfunsa dzina, napereka pempho lake kwa a m'kati. Ndipo a m'katiwo amakhulupirira chilichonse chobwera ndi chidindo cha kalaliki wawo. Pa 5 Januwale 2021 katswiri wa kampani ya DEVCORE ya ku Taiwan, wodziwika ndi dzina lakuti Orange Tsai, anauza Microsoft kuti wapeza njira yonyengera kalalikiyu. Pa mapempho ena ooneka opanda vuto, kalaliki sankafunsa dzina, ndipo kumene pempho likupita ankawerenga pa kapepala kamene mlendo yemweyo walemba. Chotero munthu wopanda dzina lililonse, wopanda mawu achinsinsi, ankatha kunyamulitsa pempho lake mpaka m'kati, lili ndi chidindo cha seva yeniyeniyo. Atafika m'katimo ankadzitcha woyang'anira, nalowa pa tsamba la ecp.

Zimene ankachita pa tsambalo nzophunzitsa kwambiri, pakuti sankathyola kanthu. Ankagwiritsa ntchito zida zomwezo za woyang'anira. Pali malo olembapo adiresi ya kumene buku la maadiresi limatengedwa, ndipo iye pamalopo ankalembapo kapulogalamu kake. Palinso lamulo lobwezera malowo mwakale, limene limayamba lalemba zonse zimene zinalipo m'fayilo, pa malo amene woyang'anira wasankha. Wakuba ankasankha malo ooneka ku intaneti, ndipo seva inkalemba yokha kafayilo kokhala ndi kapulogalamu kaja. Kuyambira pamenepo, aliyense wodziwa adiresi ya kafayiloko ankatha kutumiza malamulo ku seva ali kutali. Kafayilo kotere amakatcha web shell, ndipo tikakaonetsetsa tipeza kuti nakonso ndi tsamba loyang'anirira seva munthu ali kutali, kungoti mwini wake ndi wakuba, ndipo buku la malamulo lija silikadziwa.

Microsoft inatulutsa zigamba pa 2 Malichi 2021, ninena kuti gulu lina limene inalitcha Hafnium, lochokera ku China ndi lothandizidwa ndi boma, linali litayamba kale kulowera pa bowolo. Boma la China linakana. Koma nkhani itangomveka, magulu ena ambiri anathamangira komweko, ena ofuna zinsinsi, ena ofuna kutseka mafayilo a anthu ndi kulipiritsa dipo. Malipoti a masiku amenewo anati mabungwe osachepera 30,000 analowedwa ku America kokha. Pa 1 Malichi maseva a Exchange ooneka pa intaneti anali pafupifupi 400,000. Pofika pa 12 Malichi Microsoft inati otsala opanda chigamba anali ngati 82,000. Nyumba ya Malamulo ya ku Norway inalengeza pa 10 Malichi kuti yaberedwa zina za m'makompyuta ake. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo ndimo zinalili, pakuti wakuba anakhala pa chiwiya chimene bungwe lonse limadyera. Bungwe loyang'anira mabanki a ku Ulaya, European Banking Authority, linalolera kuzimitsa makalata ake onse kwa kanthawi kuti lifufuze bwino. Oyang'anira amene maseva awo anali mu Exchange Online, imene Microsoft imadzisungira yokha, sanakhudzidwe ndi bowoli.

Chinanso chimene ambiri anachedwa kuchizindikira ndi chakuti chigamba chimatseka bowo, koma sichichotsa kafayilo kamene wakuba anasiya kale m'kati. Maseva ambiri anakonzedwa khoswe ali momwemo. Pa 13 Epulo 2021 boma la America linalengeza chinthu chachilendo: khoti lina la ku Texas linali litalola apolisi a FBI kulowa m'maseva mazana angapo a anthu wamba, eni ake osadziwa, kudzera pa timafayilo tomweto ta akuba, ndi kulamula kafayilo kalikonse kuti kadzifufute. Sanaike zigamba, ndipo eni ake anayesa kuwadziwitsa pambuyo pake. Ena anayamika, ena anadandaula kuti lero boma lalowa kudzasesa, nanga mawa lidzalowera chiyani? Mkangano umenewu ngwoyenera, ndipo ine ndiona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo.

Zochita za woyang'anira wosamala zimachokera m'nkhani zomwezi. Amatseka tsamba loyang'anirira kwa anthu akunja, kaya ndi lamulo la PowerShell limene limazimitsa mbali ya woyang'anira, kaya ndi malamulo olola maadiresi a m'kati okha. Iye mwini akakhala kutali amayamba walowa mu netiweki ya bungwe kudzera pa VPN, imene ili ngati ngalande yobisika yochokera pa kompyuta yake kukafika ku ofesi, ndipo pamenepo nkutsegula tsambalo. Amakhala ndi maakaunti awiri, ina yowerengera makalata a tsiku ndi tsiku, ina ya ntchito ya uyang'aniro yokha, kuti akanyengedwa ndi kalata yabodza makiyi aakulu asapite nawo. Kumene kuli kotheka amawonjezera umboni wachiwiri, monga nambala yotuluka pa foni, kuti mawu achinsinsi okha asakwanire. Koma pa zonsezi tisaiwale kuti mu 2021 wakuba sanagogode pa khomo la woyang'anira mwachindunji. Ananyamulidwa ndi kalaliki wa pa kauntala. Chimene chinatseka njira imeneyo ndi chigamba, ndipo nkhani ya zigamba ndi nkhani ya mwambo: tsiku lodziwika, ola lodziwika, ndi akuluakulu ovomereza kuti makalata aime.

Chifukwa cha kulemera kwa ntchitoyi, mabungwe ambiri asamukira ku Exchange Online. Kumeneko kulibe chitsulo chimene woyang'anira angapiteko. Makompyutawo ali m'nyumba za Microsoft, zigamba imaika ndi kampaniyo, ndipo uyang'aniro wonse umachitika munthu ali kutali, pa browser kapena pa PowerShell. Katundu wina amatulidwa, koma wina amakula, pakuti akaunti ya woyang'anira ndiyo yasanduka mpanda wonse. Ndiponso wosunga wamkuluyo amathanso kuberedwa: mu 2023 akuba amene anali atapeza kiyi wina wa Microsoft yeniyeniyo anatsegula naye mabokosi a akuluakulu a boma la America, natenga makalata pafupifupi 60,000 a unduna wa za kunja wa dzikolo.

Amene akusungabe maseva awo ayenera kuwerenga zaka. Microsoft inaleka kusamalira Exchange ya 2010 pa 13 Okutobala 2020, ya 2013 pa 11 Epulo 2023, ndipo chisamaliro chanthawi zonse cha ya 2016 ndi ya 2019 chinatha pa 14 Okutobala 2025. M'malo mwake munalowa Subscription Edition, imene inatuluka mu Julayi 2025, yolipiridwa monga lendi. Tsamba lake loyang'anirira lili pa adiresi yomwe ija yothera ndi ecp, pa khomo lomwe lija la 443, ndipo kulitseka kwa anthu akunja ndi ntchito imene woyang'anira amaichita yekha seva ikangoikidwa.